Eriyo yaitali ya pa bampala: za wailesi za pa galimoto mu Blantyre ndi Limbe

 Lero ndalemba za chinthu chimene simungachipeze mu silabasi ya History ngakhale ya Physics, koma chimakhudza maphunziro onse awiriwa. Amene mwapitirira zaka 40 mukukumbuka kuti mu msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Limbe, uja lero tikuutchula kuti Chipembere Highway koma kale unali Kamuzu Highway, munkadutsa galimoto zokhala ndi chitsulo chachitali chowonda, chomangidwa pa bampala kapena pa denga, chikuwerama ngati bango pa mphepo. Ana ankangoti galimoto ya ova-ova. Chitsulocho chinali eriyo ya wailesi yolankhulirana, ndipo masiku ano mutha kuima pa Ginnery Corner ola lathunthu osaiona.

Mfundo yanga ndi iyi. Ku America eriyo yotere inafika pokhala ya munthu wamba, dalaivala wa lole, mlimi, ngakhale mnyamata wongofuna macheza. Kuno kwathu sizinatero. Munthu akaona eriyo yaitali ankadziwa kuti mkatimo muli boma, kapena galimotoyo ikuchokera kumene kuli nkhondo, kapena kwinakwake kwagwa tsoka.

Tiyambire kutali pang'ono. Mawailesi asanabwere, uthenga wachangu unkayenda mu nthambo. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa African Transcontinental Telegraph Company inaimika mizati ya lamya kuchokera ku Rhodesia kudzera ku Tete kufika ku Blantyre, n'kupitirira nayo kumpoto m'mbali mwa nyanja. Njanji itafika ku Limbe ndi ku Blantyre m'chaka cha 1908, nayonso inabwera ndi nthambo zake. Koma nthambo ili ndi mavuto awiri: munthu amayenera kuilondola pomwe yathera, ndiponso aliyense wokwiya atha kuidula usiku. Galimoto yoyenda singakoke nthambo kumbuyo kwake. Apolisi a ku Detroit ndiwo anayamba, m'chaka cha 1928, kutumiza mauthenga pa wailesi ku galimoto zawo zolondera, ngakhale kuti wapolisi wa m'galimotomo ankangomva osatha kuyankha. Zoyankhana zinayamba mu 1933 m'tauni ya Bayonne, ku New Jersey.

Dzina lakuti CB ndi chidule cha Citizens Band, kutanthauza mafunde opatulidwira nzika wamba. Boma la America linapereka mafunde a 27 MHz ku ntchito imeneyi mu 1958, ndi matchanelo 23, ndipo mu 1977 anawonjezera kufika pa 40. Chimene chinaitchukitsa ndi mavuto a mafuta a m'chaka cha 1973. Mafuta atasowa, boma linalamula mu 1974 kuti galimoto isathamange kupitirira mamailosi 55 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 89. Madalaivala a malole, amene amadya akafika msanga, anayamba kuuzana pa CB komwe kuli dizilo ndi komwe abisala apolisi a pa msewu. Tchanelo 19 inasanduka bwalo lawo la macheza, pomwe 9 inasungidwira ngozi. Nyimbo ya Convoy ya mu 1975 ndi kanema wa Smokey and the Bandit wa mu 1977 zinathira mafuta pa moto, mpaka anthu mamiliyoni anagula tiwailesi timeneti. Lamulo linkangolola mphamvu ya mawati 4 basi, yochepa kuposa ya babu la m'bafa. Mphamvu ikachepa chonchi, zonse zimadalira eriyo ndi m'mene yaikidwira.

Apa anzanga a Physics andilole ndilowe m'munda mwawo. Mafunde a wailesi amayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Mukagawa liwiro limeneli ndi 27 miliyoni, mupeza kuti funde limodzi la CB ndi lalitali mamita pafupifupi 11. Eriyo yosavuta kupanga imene imagwira bwino ntchito ndi ya utali wa gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, ndiye kuti mamita 2.75. N'chifukwa chake chitsulo chija chinali chachitali chotero, sikunali kudzionetsera. Chitsulocho pachokha chinkakhala cha mainchesi 102, ndipo pansi pake ankaikapo sipuling'i yowonjezera utali wotsalawo, imenenso inkachiteteza kuti chikagunda nthambi chingowerama osathyoka. Chitani samu yomweyi ndi mafunde a 150 MHz, a mtundu wa VHF umene apolisi ndi alonda amakonda m'tauni, mupeza masentimita 50. Chitaninso ndi 900 MHz ya foni ya m'manja, mupeza masentimita 8, n'chifukwa chake eriyo ya foni yanu inatha kubisala mkati. Funso limeneli ndimalikonda pa bolodi chifukwa mwana wa Fomu 3 amaona yekha kuti samu yafotokoza chinthu chimene agogo ake ankachiona mu msewu.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti chitsulo choimiriracho ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi galimoto yeniyeniyo. Bodi yachitsulo ndi imene imakwaniritsa dera la magetsiwo, choncho mmisiri wodziwa ntchito ankayamba ndi kupala penti ndi dzimbiri pamalo pomangira mpaka chitsulo chiwale, kenaka n'kumanga bawuti molimba, n'kupakapo girisi kuti mvula ya Januwale isabweretsenso dzimbiri. Wolephera ankamanga pamwamba pa penti, wailesi n'kumayaka bwinobwino, magetsi ake onse akuthwanima, koma mawu osafika ngakhale pa Maselema kuchokera ku Chichiri.

Malo abwino koposa ndi pakati pa denga, poti pamenepo chitsulo chazungulira mbali zonse mofanana. Koma ndani amalola kuti denga la galimoto yake libooledwe? Ndiponso mamita 2.75 pamwamba pa denga la Land Rover ndiye kuti mwafika pokolana ndi nthambi za jakaranda, makomo a magalaja, ngakhale nthambo zamagetsi zolendewera, zimene ndi ngozi yeniyeni. Ndiye ambiri ankapita kwa owotcherera kuti awapangire kachitsulo kogwirira pa bampala kapena m'mbali mwa boneti. Mtengo wake unali wakuti mafunde ankapita mwamphamvu mbali imene kuli bodi yambiri: eriyo ikakhala kutsogolo kudzanja lamanzere, mawu amamveka bwino kumbuyo kudzanja lamanja. Madalaivala ozolowera ankadziwa kutembenuza galimoto kuti amvedwe. Ena ankagwiritsa ntchito eriyo yaifupi yokhala ndi waya wokulungidwa pansi kapena pakati pake, yomata ndi maginito. Yotereyi ndi yosavuta, koma sifika patali ngati yaitali ija. Malole akuluakulu ena ankaika ziwiri, imodzi pa chogwirira galasi loonera kumbuyo cha mbali iliyonse.

Kuchoka pa eriyo kupita pa wailesi pamayenda chingwe chapadera chokhala ndi waya pakati ndi ukonde wa waya kunja. Chingwechi sichifuna kupindidwa mwankhanza kapena kupanikizidwa ndi chitseko, ndipo pomwe chadutsa pa bowo la chitsulo pamafunika labala. Magetsi ankawatenga molunjika ku batire, ndi fyuzi pafupi ndi batirelo, pofuna kupewa phokoso la altaneta ndi mapulagi. Pa malole a mavoti 24 pankafunikanso kabokosi kotsitsa magetsi kufika pa 12, apo ayi wailesi inkapsa tsiku lomwelo.

Ntchito yomaliza, imene inkasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza, inali yotchuna. Eriyo ikatalika kapena kufupika kusiyana ndi funde lake, mphamvu ina imabwerera ku wailesi m'malo motuluka. Pali kamita koyezera zimenezi, kotchedwa SWR. Mmisiri ankaimika galimoto pa bwalo, kutali ndi nyumba ndi mitengo, zitseko zonse zili zotseka, n'kuyeza pa tchanelo yoyamba ndi yomaliza. Muvi ukakwera kwambiri pa yomaliza ndiye kuti eriyo yatalika, ukakwera pa yoyamba ndiye kuti yafupika. Ankadula kapena kutsitsa chitsulocho pang'onopang'ono, mamilimita ochepa nthawi imodzi, poti chimene wadula sungachibwezere. Muvi ukakhala pa 1.5 kapena kutsikirapo, ntchito yatheka. Ukapitirira 3 n'kumaumirirabe kulankhula, thiranzisita yotulutsa mphamvu imatentha n'kufa. Amisiri a zamagetsi a galimoto a ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Makata amene ankadziwa zimenezi analipo ochepa, ndipo ndikuona kuti sitinawalemekeze mokwanira. Ankachita Physics yeniyeni, ambiri a iwo opanda satifiketi ya MSCE.

Tsopano tibwerere ku mbiri ya kwathu. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo m'bandakucha wa tsikulo Dr Banda anagwidwa kunyumba kwake ku Limbe n'kumukweza ndege pa Chileka kupita naye ku ndende ya Gwelo. Ena ambiri anawatsekera pa Kanjedza. Ntchito yogwira anthu mazanamazana m'maboma osiyanasiyana m'mawa umodzi imafuna kulumikizana, ndipo mawailesi anali m'manja mwa apolisi ndi asilikali. A Congress ankadalira njinga, makalata ndi pakamwa. Kuyambira pamenepo wailesi ya pa galimoto inadziwika kuti ndi chida cha olamula.

Ufulu utabwera mu 1964 chithunzichi sichinasinthe. Dziko linakhala la chipani chimodzi mu 1966, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Wailesi yomvera inali paliponse, MBC ikuulutsa kuchokera ku Chichiri, koma wailesi yotumizira mawu inkafuna chilolezo cha boma. Inkapezeka kwa apolisi, asilikali, a Payoniya, ndi mabungwe akuluakulu amene ntchito yawo inali yomwazikana, monga a njanji, a magetsi ndi a m'maesiteti. Koma ngakhale chilolezo chikanakhala chosavuta, ine ndikukayika ngati CB ikanamera kuno m'zaka zimenezo. CB ilibe chinsinsi. Chimene wanena pa tchanelo chimamvedwa ndi aliyense amene watsegula yake, ndipo ku America kukoma kwake kunali komweko, kuseka apolisi iwo akumva. Kuno munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanadandaule za mtengo wa shuga m'basi ya UTM. Ndani akanagula chida choti adzipereke nacho yekha? N'zosadabwitsa kuti mphepo ya kusintha itayamba mu 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'Malichi ndipo zipolowe zitabuka mu Blantyre ndi Limbe m'Meyi, zida zimene zinagwira ntchito zinali fakisi ndi makina ochulukitsira makalata. Pepala lopanda dzina silitulutsa mawu a mwini wake.

Eriyo za CB zenizeni tinaziona kwambiri pa malole a kunja, ndipo chinazibweretsa ndi nkhondo ya ku Mozambique. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 njanji ya ku Beira inaduka, ndipo pofika 1984 ya ku Nacala nayo inali itaima. Dziko limene katundu wake wambiri ankayenda pa sitima linakakamizika kudalira msewu wopita ku Harare mpaka ku Durban. Njira yachidule inali ya pa Mwanza, kudutsa Zobue, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kukafika pa Nyamapanda m'malire a Zimbabwe, mtunda wa makilomita opitirira 250 m'dziko la nkhondo. Malole ankayenda mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo ngakhale zinali choncho ena ankaomberedwa ndi kutenthedwa ndi a Renamo. Oopa njirayi ankazungulira pa Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, ulendo wautali umene mtengo wake tonse tinaulipira m'sitolo. Pa mdipiti wa malole makumimakumi, wa kumbuyo saona zimene zikuchitika kutsogolo. Apa wailesi yofika makilomita ochepa chabe inali yokwanira, poti funso linali loti aime kapena apitirire. Malole amenewa akamatsitsa katundu ku Makata, ku Chirimba kapena ku Limbe, anyamata ankawazungulira n'kumaloza eriyo zija.

Nkhondo yomweyi inabweretsanso mtundu wina wa eriyo, ndipo ndi umene ambiri amaukumbuka. Kuyambira 1986 anthu othawa nkhondo anayamba kulowa mwaunyinji, mpaka pofika 1992 anapitirira miliyoni imodzi, m'dziko limene eni ake anali osakwana 10 miliyoni. Misasa monga Mankhokwe ndi Nyamithuthu ku Nsanje, ndi ina ku Mwanza, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, inali m'malo opanda lamya. Mabungwe monga UNHCR, World Food Programme, Red Cross ndi Médecins Sans Frontières anadzaza Blantyre ndi ma Land Cruiser oyera, ambiri okhala ndi eriyo ya tsinde lonenepa pa bampala yakutsogolo. Imeneyi sinali CB. Inali ya mafunde a HF, ndipo dzina limene linatchuka linali la kampani ya ku Australia ya Codan. Chitaninso samu ija: pa 7 MHz funde ndi la mamita pafupifupi 43, ndiye eriyo yoyenera ikanakhala yopitirira mamita 10, yosatheka pa galimoto. Tsinde lonenepa lija linkabisa waya wokulungidwa ndi zotchunira, zopangitsa chitsulo chachifupi kugwira ntchito ngati chachitali. Mafunde amenewa amakwera kumwamba n'kukanjanja pa mpweya wa kutali umene dzuwa limaupatsa magetsi, kenaka n'kugwera kuseri kwa mapiri. Galimoto ili ku Marka inkatha kulankhula ndi ofesi ya mu Blantyre popanda nsanja ina iliyonse pakati.

Zimenezi n'zosiyana ndi VHF, imene imayenda ngati kuwala. Blantyre ndi mzinda wa pakati pa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe, choncho galimoto ziwiri zoyandikana zitha kulephera kumvana chifukwa cha phiri limodzi. Mankhwala ake ndi kuika makina olandira ndi kutumizanso mawu pamwamba pa phiri. Milongoti imene mumaiona pa Mpingwe inakwera kumeneko pa chifukwa chomwechi.

Mgwirizano wa mtendere wa ku Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira othawa nkhondo ambiri anabwerera kwawo. Apa m'pamene wailesi yolankhulirana inayandikira kwambiri moyo wa munthu wamba, kudzera m'zipatala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 polojekiti ya uchembere wabwino ya m'chigawo cha kummwera, yothandizidwa ndi boma la Britain, inakonza ndi kuwonjezera mawailesi m'zipatala zing'onozing'ono kuti namwino athe kuitana ambulansi ku chipatala cha boma mayi akavutika pobereka. Isanafike wailesi, uthengawo unkatumizidwa ndi munthu wa pa njinga. Ambiri a inu amene munabadwira kumudzi m'zaka zimenezo mwina mulipo lero chifukwa cha mawu amene anadutsa mu eriyo yotere usiku. Komabe anamwino akale angakuuzeni kuti wailesi imaitana ambulansi, siithira mafuta, ndipo batire la sola likafa zonse zinkaima.

Kenaka kunabwera foni ya m'manja. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inalowa mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998 linabala bungwe la MACRA, limene linatenga udindo wogawa mafunde ndi kupereka zilolezo. Nthawi imene Mmalawi anapeza ufulu wolankhula popanda kuyang'ana kumbuyo ndi yomweyonso imene anapeza chida chotsika mtengo, cholowa m'thumba, chosafuna kuboola galimoto. CB inalibe mpata. Ntchito imene inkagwira kwa madalaivala a ku America, kuno inadzagwiridwa ndi kuthwanimitsirana nyali pa msewu, ndipo pambuyo pake ndi magulu a WhatsApp m'mene madalaivala ankauzana komwe kwafika mafuta pa nthawi ya mizere italiitali ya mu 2022 ndi 2023. Ya mu 2011 ndi 2012 ija tinkauzana pa SMS.

Pali kusiyana kumodzi kumene foni sinakuthetse. Foni silankhula ndi foni inzake mwachindunji, ngakhale zili m'chipinda chimodzi. Imadutsira pa nsanja, ndipo nsanjayo imafuna magetsi. Namondwe wa Freddy atagwa m'Malichi 2023, matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, magetsi anazima m'madera ambiri, misewu ndi milatho zinaduka, ndipo m'malo ena netiweki inasowa pa nthawi imene anthu ankaifuna koposa. Wailesi ya pa galimoto imangofuna batire la galimotoyo ndi mnzake womvera. N'chifukwa chake apolisi, asilikali, makampani a zaulonda, oyang'anira nkhalango za nyama ndi mabungwe othandiza pa ngozi sanaitaye. Mukaona mapikapu a alonda usiku ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, yang'anani pa denga, mupeza kachitsulo ka theka la mita kali njo.

Ma Land Cruiser oyera aja ambiri anagulitsidwa pa okushoni mabungwe atachoka, mawailesi ake atachotsedwamo. Ena akadali pa msewu, akunyamula kabichi ndi tomato kuchokera ku Bvumbwe kupita ku msika wa Limbe. Pa bampala yakutsogolo, mbali imodzi, pamapezekabe kachitsulo kowotcherera kokhala ndi bowo lozungulira pakati, ndipo mwini wake wa lero nthawi zambiri amangomangapo chingwe cha lona.